Tinjerwa ta m'bokosi la machesi: phanga loti aliyense alione

Mkangano unabuka chifukwa cha chitseko chimene panalibe anachiona. Tinali anthu asanu ndi mmodzi pamphasa, pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Golomoti, Loweruka lina masana pa tchuthi chathachi. Ine ndinali mwini nthano. Ndinali nditangonena kuti denga la phanga lagumuka, ndipo aliyense amene anali pakati pa chipinda miyala yamugwera. Mlongo wanga wamng'ono, amene ali Fomu 2, anadzutsa mutu nati, "Achimwene, ine sindinali pakati. Ndinanena kale kuti ndaima pachitseko." Msuweni wathu anati iye sanamve zimenezo. Ine sindinakumbuke. Ndinagamula kuti miyala yamugwera basi. Anaika pensulo pansi, nati, "Ndiye kuti mumangopha amene mwafuna," n'kunyamuka kupita kukathandiza amayi kupeta mpunga. Anatha masiku atatu osabweranso pamphasapo.

Ankanena zoona, ngakhale ine ndinalibe mtima wokondera. Phangalo linali m'mutu mwanga. Anzanga asanu aja aliyense anali ndi lakelake m'mutu mwake, ndipo mapangawo atasemphana, linapambana la amene anagwira malamulo. Kuchokera tsiku limenelo ndimakhulupirira kuti masewerawa, makamaka tikamasewera ndi ana kapena anthu ongoyamba kumene, amafunika makoma ndi zitseko zogwirika ndi manja, zoti n'kuzisuntha. Ndikukhulupiriranso kuti zinthuzo siziyenera kukhala zokongola, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri okonda masewerawa.

Kwa inu amene simunawaonepo, ndifotokoze pang'ono. Ine ndinawadziwira ku Zomba m'chaka changa choyamba, kwa mnzanga wina wa mu hositelo amene anali ndi malamulo ake mu laputopu. Otchuka kwambiri mwa masewera a mtunduwu ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Munthu mmodzi, amene eni akewo amamutcha Dungeon Master ndipo ine ndimangoti mwini nthano, amafotokoza malo ndi zimene zikuchitika. Ena onse aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, kaya mlenje, kaya sing'anga, kaya mbala, n'kumanena zimene munthuyo akuchita. Chinthu chikakhala chokayikitsa, monga kudumpha dzenje lalikulu kapena kuthyola loko mwakachetechete, amaponya dayisi kuti aone ngati chatheka. Liwu lakuti dungeon limanena ndende ya pansi pa nthaka m'malinga akale a mafumu a ku Ulaya. M'masewerawa limanena malo aliwonse a zipinda ndi tinjira, amdima, obisa chuma ndi zoopsa. Ife kwathu timangoti phanga.

Pali njira zitatu zoonetsera phangalo. Yoyamba ndi pakamwa pokha, monga ndinkachitira ine. Yachiwiri ndi kujambula mapu papepala la timabokosi. Yachitatu ndi kukhala ndi zidutswa zambiri za muyeso umodzi, zina za pansi, zina makoma, zina zitseko ndi makwerero, zimene umazilumikiza mosiyanasiyana kuti lero zikhale chipinda chachikulu, mawa zikhale kanjira kokhotakhota. Muyeso wake ndi wodziwika kwa osewera ambiri: kabokosi kamodzi ka inchi imodzi kamaimira mafiti 5, pafupifupi mita imodzi ndi theka, malo oti munthu mmodzi aimepo ndi kutambasula mkono.

Kunja kuli makampani amene ntchito yawo ndi yomweyi. Ina ndi Dwarven Forge, imene Stefan Pokorny anayambitsa mu 1996. Mu 2013 inapempha anthu pa Kickstarter kuti alipiriretu zidutswa zatsopano, ndipo inatolera pafupifupi madola 1.9 miliyoni. Zithunzi zake mukaziona pa intaneti mukhoza kumeza malovu: mwala uliwonse wa pakhoma wosemedwa, ndere zopentedwa, timiuni toyaka. Mitengo yake ili m'madola, ndipo mukaphatikiza ndalama yotumizira ndi msonkho, wophunzira wodalira loni ngati ine amangotseka tsambalo. Ndinakhala miyezi ndikuganiza kuti njira yachitatuyi si yathu.

Chinandisintha maganizo ndi mbiri ya zidutswazi, imene ndi yakale kuposa Dungeons & Dragons. Mu 1812 Georg Leopold von Reisswitz anapereka kwa mfumu ya ku Prussia, Friedrich Wilhelm III, tebulo la masewera a nkhondo lokhala ndi tizidutswa ta makona anayi toonetsa mitsinje, misewu ndi zitunda, toti n'kutisanja mwatsopano nthawi iliyonse. Mwana wake anakonzanso masewerawo mu 1824, n'kuwasamutsira pa mapu enieni, ndipo asilikali a dzikolo anayamba kuphunzirira pomwepo. Chimene anthu amenewa ankafuna n'chakuti aliyense wozungulira tebulo aone malo amodzimodzi, kuti akamatsutsana azitsutsana pa chinthu chimene onse akuchiona. Ntchito imeneyo siifuna pulasitiki wa ku America. Imangofuna muyeso umodzi. Ndipo za muyeso umodzi aliyense amene anaumbapo njerwa amazidziwa: chikombole chikakhala chimodzi, njerwa ya lero ndi ya mwezi wamawa zimagwirizana pakhoma.

Chikombole chathu chinali kabokosi ka m'kati ka machesi, kamene kutalika kwake n'pafupifupi masentimita 5, timabokosi tiwiri ta pamapu. Nzeruyi si yanga. Ana a kwathu akhala akuumba tinjerwa totere kuyambira kale pomanga tinyumba tawo. Tinatenga dongo la pachulu, tinaumba tinjerwa 40, tinayanika pamthunzi masiku awiri kuti tisang'ambike, kenako tinatikwirira m'phulusa lamoto kukhitchini usiku umodzi. Za pansi tinadula katoni ya sopo imene tinapempha pa golosale: zidutswa 12 za masentimita 10 mbali zonse, ndi zina 8 zopapatiza za tinjira, zonse zolembedwa mizere ndi rula. Zitseko zinali tizidutswa ta bango tozikidwa m'kamtanda ka dongo. Anthu anali zitsekerero za mabotolo, zonga za drafuti, chilichonse ndi chilembo chake. Ndalama imene inatuluka m'thumba inali ya cholembera chakuda chimodzi.

Ubwino woyamba ndinauona tsiku limene mlongo wanga anabwerera. Ndinayala chipinda, iye anatenga chitsekerero chake n'kuchiika pachitseko, akundiyang'ana m'maso, osanena kanthu. Aliyense anaseka chifukwa tonse tinamva. Kuyambira pamenepo sindikanathanso kumupha ndi kuiwala kwanga. Mwini nthano ali ndi mphamvu zambiri m'masewerawa: ndiye amanena zimene zili kuseri kwa khoma, ndiye amalankhulira adani, ndiyenso woweruza. Kwathu mphamvuzo zimakula kwambiri chifukwa nthawi zambiri mwini nthano ndiyenso wamkulu m'badwo, wa ku yunivesite, wodziwa Chingerezi cha m'malamulo. Mwana wa Sitandade 7 sangatsutse achimwene ake pa mawu. Koma akhoza kuloza ndi chala n'kunena kuti, "Taonani, pali timabokosi titatu pakati pa ine ndi ng'onayo." Tinjerwa tija tinandilanda gawo la ufumu wanga, ndipo masewera anakoma.

Ena amati, nanga agogo pokamba nthano ankafuna tinjerwa? Ayi, sankafuna. Koma pa nthano ya agogo ife omvera timangoyankha kuti tili tonse. Palibe amene amauza Kalulu kuti akhotere kumanzere, ndipo Fisi akagwa m'mbuna palibe wa ife amene wataya kanthu. M'masewerawa aliyense ali ndi munthu wake amene wamulera masabata angapo, wamupezera mkondo, wamupatsa dzina. Funso lakuti anaima pati likhoza kumupha. Apa masewerawa amafanana kwambiri ndi bawo kusiyana ndi nthano, ndipo sindinaonepo madoda akusewera bawo pakamwa, wina n'kumauza mnzake kuti m'dzenje lachitatu munali timiyala tinayi, ungondikhulupirira.

Ubwino wina sindinauyembekezere. Pagulu lathu panali msuweni wina wamkazi wamanyazi kwambiri, amene anyamata akayamba kulankhula mopikisana iye ankangokhala chete mpaka ine kumuiwala. Zidutswa zitabwera, dzanja lake linayamba kulankhula. Anyamata akukangana za amene alowe poyamba, iye ankasuntha chitsekerero chake mwakachetechete kuzungulira mbali ina. Tsiku lina tinangozindikira kuti wafika kale kuseri kwa mdani, ndipo ndiye anapulumutsa gulu lonse. Tikanakhala pakamwa pokha, nzeru imeneyo ikanafera m'mutu mwake, chifukwa posewera pakamwa amapambana ndi wa mawu okwera.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikulimbikira zidutswa zosuntha, osangomanga phanga limodzi labwino n'kulimata? Chifukwa ndinayesa, ndipo ndinachita manyazi. Nditaona kuti tinjerwa tayenda bwino, ndinatengeka. Ndinatha masiku atatu ndikumanga phanga lalikulu pa katoni imodzi, lomata ndi phala la ufa wa chinangwa, lokhala ndi mtsinje wa pepala la buluu ndi mlatho wa timitengo. Ndinalibisa m'chipinda ngati mphatso. Tsiku la masewera, gulu linafika pakhomo pa phangalo, linakambirana, n'kugwirizana kuti kulowamo n'kupusa. Anati ndi bwino abwerere kumudzi wa m'nthanomo akafunse nkhalamba ina ngati pali njira yodzera pamwamba. Anaganiza bwino kwambiri. Koma ine ndinali ndi masiku atatu a thukuta kuseri kwa chitseko. Ndinagwetsa mvula, ndinadzaza mtsinje, ndinatseka njira yobwerera, mpaka analowa. Anachita chidwi ndi mlatho kwa mphindi zisanu, kenako mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye tikanasankha chiyani kuti tisalowe?" Ndinalibe yankho.

Chinthu chimene wachivutikira umafuna chigwire ntchito, ndipo ukakhala mwini nthano uli ndi mphamvu zokakamiza. Chokoma cha masewerawa n'chakuti osewera akhoza kuchita chimene iwe sunachiganize. Phanga lomata limawalanda ufulu umenewo iwe osadziwa. Zidutswa zosuntha zilibe vutoli chifukwa sizinakhale kalikonse mpaka utaziyala. Gulu likakana phanga n'kupita kumsika, tinjerwa tomweto timasanduka mabenchi a ogulitsa usipa. Likalowa, umayala chipinda chimodzi chokha chimene afikamo, n'kumawonjezera akamatsegula zitseko, uku ukuchotsa zakumbuyo. Motero tinjerwa 40 timakwanira phanga la zipinda 20, ndipo osewera saona zakutsogolo nthawi isanakwane. Phanga langa lomata lija linaulula zinsinsi zake zonse pamene ndinangoliika pamphasa.

Mnzanga amene anandiphunzitsa masewerawa sagwirizana nane, ndipo mfundo yake ndi yolemera. Iye amati ukangoika chinthu patebulo, maso amapita pamenepo ndipo mutu umagona. Anthu amasiya kufunsa kuti muno mukununkha chiyani, denga n'lalitali bwanji, mphepo ikuchokera kuti. Amayamba kuwerenga timabokosi ngati akusewera Ludo. Ndinaziona ndekha zikuchitika. Sabata yachiwiri ya tinjerwa, mwana wina anati sangakwere pakhoma chifukwa "palibe pogwira", akuyang'ana kanjerwa kosalala, pamene sabata yapitayo mwana yemweyo anakwera mlambe wa m'maganizo popanda kufunsa.

Koma mfundo ya mnzangayo, mukaiona bwino, ikutsutsa kwambiri zidutswa zokongola kuposa zosakongola. Khoma likakhala losemedwa mwala uliwonse, lopentedwa ndere, limauza wosewera kuti zonse waziona kale, palibe chofunsa. Kanjerwa ka dongo sikanamiza munthu. Aliyense akuona kuti ndi dothi la pachulu, choncho kamangonena chinthu chimodzi, kuti apa sungadutse. Zotsalazo, kaya khomalo n'lonyowa, kaya lili ndi zojambula, kaya likutuluka nyerere, zimadikira pakamwa pa mwini nthano ndi mafunso a osewera. Ndi chimodzimodzi pa masanje: chigoba cha bwemba chimakhala ndiwo, chitini chimakhala mphika, ndipo palibe mwana amene amadandaula kuti sizikufanana.

Ndinaikanso malamulo awiri kwa ine mwini. Loyamba: ndiyambe ndalankhula, manja abwere pambuyo. Ndimafotokoza chipinda chonse, mdima wake, fungo la mileme, madzi odontha, kenako n'kuyala zidutswa. Zikayamba zidutswa, palibe amene amamvetsera. Lachiwiri: zidutswa zimatuluka pokhapokha pamene funso lakuti ndani waima pati likhoza kusintha zotsatira, monga pa nkhondo, pa msampha, pothawa. Gulu likamacheza ndi mfumu ya m'nthano kapena likamayenda ulendo wa masiku atatu, bokosi limakhala lotseka. Pa masewera a maola atatu, mwina zidutswa zimakhala pamphasa ola limodzi. Apa ine ndi mnzanga uja tinakumana pakati, ngakhale iye savomera kuti tinakumana.

Wina anganene kuti zonsezi foni ikhoza kuchita, pakuti pali mapulogalamu oonetsa mapu ndi kusuntha anthu pa sikirini. Alipodi, ndipo kwa anthu otalikirana ndi othandiza. Koma anthu asanu ndi mmodzi kuunjikana pa foni imodzi padzuwa la ku Golomoti si masewera. Dera lathu lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo nyumba yathu ikadali yotchajitsa foni pa msika. Komanso foni imakhala m'manja mwa mwini wake, ndiye kuti tabwerera komwe kuja, mphamvu zonse kwa munthu mmodzi. Kanjerwa aliyense akhoza kukagwira.

Pali phindu lina limene okhala kunja sangaliganize msanga, koma kwathu n'lalikulu. Anthu akuluakulu akaona achinyamata atazungulira dayisi, akulemba manambala papepala, akutchula mizimu ndi zilombo, amaganiza zinthu ziwiri: njuga kapena zamdima. Si ife tokha. Ku America m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina inalimbana kwambiri ndi Dungeons & Dragons, ndipo mu 1983 mayi wina, Patricia Pulling, anayambitsa gulu lofuna kuti masewerawa aletsedwe. Kwathu amalume anafika tsiku lina, ataima chapatali manja kumbuyo, n'kufunsa amayi kuti, "Kodi ana awa akubetcha chiyani?" Tikanakhala ndi mapepala ndi dayisi zokha, sindikudziwa ndikanawafotokozera bwanji. Koma anaona tinyumba ta dongo, zitsekerero ndi ng'ona youmba, zinthu zimene iwonso anaseweretsa ali mwana. Anayandikira, anafunsa malamulo, kenako anati khoma lathu lina n'lopanda nzeru chifukwa tinjerwa sitinalumane pangodya. Analikonza okha. Sanasewere, koma sanafunsenso za kubetcha.

Kupanga zidutswa pamodzi kunasinthanso za umwini. Ine ndi wa mabuku, manja anga ndi olemera. Ana amene amaumba ng'ombe za dongo kudambo ndi kupinda magalimoto a mawaya amandiposa kutali. Mnyamata wina wa pafupi nafe, amene kusukulu amati ndi wofooka, ndiye anapeza njira yoboola tinjerwa tisanaume kuti tizizikamo timitengo, ndipo mwadzidzidzi tinakhala ndi mipanda, makwerero ndi milatho yochotseka. Amene waumba khoma amamva kuti phangalo ndi lakenso. Seti yogula ikanakhala ya achimwene a ku yunivesite, yoti ana aziigwira mwamantha kuopa kuthyola.

Zidutswa zosakongola zimatimasulanso ku malinga a ku Ulaya. Seti zambiri zogulitsidwa zimabwera ndi makoma a miyala yosema ndi zitseko zachitsulo, ndipo ukakhala nazo nthano zako zimangopita komweko. Ife tili ndi malo athu. Mukakwera phiri kuchoka ku Golomoti kulowera ku Dedza mumafika m'dera la Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Ambiri mwa malowo ndi mapanga ndi mithunzi ya matanthwe kumene anthu ankakhala ndi kuchitira miyambo. Kuno kuchigwa kuli milambe ya mphako zoti munthu n'kulowamo, ngalande za m'minda ya mpunga ya ku Bwanje, njanji ndi milatho yake. Mbiri yathu ili ndi midzi ya malinga ya nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Kanjerwa kopanda nkhope kakhoza kukhala chilichonse mwa zimenezi. Nthano yathu yokoma kwambiri inachitikira m'mudzi wongopeka wa mpanda wa mitengo, usiku umodzi, gulu likuyesa kutulutsa anthu ogwidwa popanda kudzutsa alonda.

Komabe pali malo amene sindiyala pamphasa, ndipo ndikupempha anzanga amene muyambe masewerawa kuti muganizirepo. Mnyamata wina anapempha kuti timange dambwe, gulu lilowemo likamenyane ndi zilombo za Gule Wamkulu. Ndinakana. Ku Mua, pamtunda wochepa kuchokera kwathu, kuli Kungoni, malo a chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902. Aliyense amene analowapo m'nyumba ya Chamare kumeneko amadziwa kuti chilombo chilichonse chili ndi phunziro lake, ndipo kwa anansi athu ambiri zimenezi ndi zamoyo, si zakale. Kuzisandutsa adani oti uwaphe n'kutenga chuma chawo n'chipongwe, ngakhale pa dongo. Chinthu ukachiumba n'kuchiika poyera chimalemera kuposa mawu ongodutsa, ndipo odutsa m'njira amachiona. Manda a kumudzi nawonso sitiwakhudza. Zilombo zongopeka n'zambiri, sizitha.

Ndisakunamizeni kuti zonse n'zosalala. Dongo lowotcha m'phulusa silifika pa njerwa ya mu uvuni, ndipo mwa tinjerwa 40 tija, 7 tinasweka mwezi usanathe. Katoni imafewa nthawi ya dzinja, chiswe chimaikonda, ndipo kamphepo kakangowomba chipinda chonse chimauluka ngati simunachipsinje ndi tinjerwa. Kuyala kumadya nthawi, ndipo mukachedwa ana amayamba kumenyanitsa zitsekerero. Ndinaphunzira kupatsa osewera ntchitoyo: ine ndimanena kuti chipinda n'cha timabokosi 8 m'litali ndi 4 m'lifupi, zitseko ziwiri, iwo amayala. Kulemera nakonso n'vuto. Bokosi la nsapato lodzaza dongo silikoma kulinyamula pamiyendo mu minibasi kuchoka ku Golomoti kudzera ku Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba. Koma mavuto onsewa ali ndi mankhwala amodzi otchipa: chikasweka, umba china. Chikombole chilipo m'nyumba iliyonse imene amakoleza moto.

Kwa mnzanga wophunzira amene ukufuna kuyesa, malamulo oyambira a Dungeons & Dragons akhala akupezeka mwaulere pa intaneti kuyambira 2014, ndipo ngati ulibe dayisi ya mbali 20, foni ikhoza kukuponyera, kapena lemba manambala 1 mpaka 20 pa timapepala uziike m'kapu. Usadikire seti ya kunja, ndipo usayambe ndi chinthu chachikulu. Umba tinjerwa 20, dula makatoni 6, sunga muyeso umodzi, ndipo usapente chilichonse mpaka utasewerapo kasanu. Ukadzafika kasanu udzakhala utadziwa chimene gulu lako likusowadi, ndipo mwina sichidzakhala penti.

Bokosi lija sindinalitenge pobwerera kusukulu. Ndinalisiyira mlongo wanga, pamodzi ndi kope limene ndinamasuliramo malamulo ofunika m'Chichewa. Sabata yatha anandiimbira pa foni ya amayi. Tsopano mwini nthano ndi iye, gulu lakula kufika pa anthu asanu ndi atatu, ndipo awonjezera tinjerwa tokhota topangira zitsime. Anandiuza kuti msuweni wathu uja, amene anati sanamve za chitseko, anagwera m'dzenje Loweruka lapitalo ndipo anayamba kukana kuti sanali pamenepo. Ndinamufunsa kuti anagamula bwanji. Anati, "Sindinagamule, achimwene. Ndinangomuuza kuti ayang'ane pamene pali chitsekerero chake." Kenako anandipempha kuti pobwera pa tchuthi ndidzamugulire rula yatsopano, chifukwa yakale ija ana anaithyola poyeza mlatho.